Thanki Yodontha ndi Madzi a ku Honde

Amuna anga anagula nyumba ya matayala osandifunsa. Ndinangomva hutala madzulo ena, ana a m'malaini akukuwa, ndipo nditatuluka ndinapeza chigalimoto choyera chitaima pamene ndimayanika zovala, chingwe changa chitakoledwa pagalasi lake. Iwo anali pachiwongolero, mano onse panja. Anati aigula ku Mutare kwa mkulu wina amene amasamukira kwa ana ake kunja, ndipo kuyambira tsiku limenelo umphawi wathu watha, chifukwa azinyamula alendo odzaona mapiri ndi mathithi. Mkati munali bedi, katebulo kopinda, kambaula ka gasi, ndi kampopi kotulutsa madzi ochokera mu thanki ya pulasitiki yomangiriridwa kunsi kwa galimotoyo. Iwo ankaitchula kuti kalavani. Alendo aja sanabwere. Zimene zinabwera ndi nkhuku zanga, zomwe zinaona kuti pansi pa katebulo ndi pabwino kuikirapo mazira, ndipo kwa zaka zingapo phindu la kalavani linali lomwelo.

Ife timakhala ku Honde, m'malaini a esiteti ya tiyi, kufupi ndi Samanga. Ine ndinabadwira konkuno. Amuna anga nawonso ndi a konkuno, bambo awo a ku Malawi, mayi awo Mmanyika wolankhula Chishona, ndiye Chinyanja chawo chimayenda pang'ono n'kutopa, Chishona n'kuchinyamula. Amayi anga timakhala nawo pakhomo. Iwo anabwera ali mtsikana kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, pamodzi ndi mkulu wawo, ndipo awiriwa anathyola tiyi mzere umodzi mpaka mkuluyo atakwatiwa ndi mwamuna amene anasamutsidwira ku esiteti ina ku Chipinge. Ife timawatchula kuti amayi aakulu. Amayi amawaitana kuti Mana, monga ankaitanirana kwawo.

Tsiku limene lole inabwera kudzatenga katundu wa amayi aakulu, ndowa yawo inasowa. Inali ndowa yobiriwira ya pulasitiki, mphatso ya ukwati yochokera kwa bambo awo, m'masiku amene akazi onse a m'malaini ankatungira m'zitini. Anaifunafuna mpaka dalaivala anayamba kutukwana, ndipo anakwera lole akuloza amayi chala. Ine ndinakula ndikumva za ndowa imeneyi osaiona. Pamaliro, paukwati, kulikonse kumene awiriwa akumana, ankayamba ndi kukumbatirana, kulira, kufunsana za miyendo ndi misana. Misozi ikauma, amayi aakulu ankati, "Nanga ndowa yanga, wakuba iwe?"

"Mana, mwayambanso? Ndowa yanu inagwa palole pa Hauna," amayi ankayankha.

Chaka china ankati inabedwa ndi mkazi wa kapitawo. Chaka chinanso ankati panalibe ndowa n'komwe, Mana analota. Mafoni atabwera, mkangano unasamukira pafoni, Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndipo sunkasowa mphamvu ngakhale netiweki ikudukaduka.

Chaka chimene ndikunenachi, kuzizira kutangotha, mwana wa amayi aakulu anandiimbira. Anati mayi ake awatulutsa kuchipatala, madokotala ati akapumule kunyumba, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake. Maso anali atasiya kuona, chakudya chinkangobwerera m'mbale. Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachibwereza m'mawa ndi madzulo. Ankati madzi a ku Chipinge akuwayabwa, akufuna asambe madzi a pakasupe wa kumunsi kwa malaini a ku Honde, pamene ankasamba ali atsikana, ndipo amene awasambitse akhale mng'ono wawo. Nditawauza amayi, sanalire. Anangoyamba kupinda zitenje zawo.

Vuto linali msana. Amayi sangakhale mu kombi, timinibasi ta kuno, kuyambira kuno mpaka ku Chipinge, angafike atapindika osawongokanso. Apa m'pamene amuna anga anaimirira pang'onopang'ono, ngati munthu amene dziko lonse linamunyoza koma tsopano lamukumbukira. Anati kalavani ili ndi bedi, ndipo ili ndi thanki yakeyake. Ine ndinati bedi ndavomera, koma madzi tithire m'zigubu, nkhani ithe. Amayi anakana. Zigubu zonse za pakhomo pathu zinakhalapo ndi mafuta ophikira, zina parafini, ndipo anati Mana sanaitanitse madzi onunkha mandasi. Amuna anga anagwedeza mutu kuvomereza, akuyang'ana khoma.

Ndinene za khomalo. Chikwatiwire ine, amayi ndi mkamwini wawo sanayankhulanepo maso ndi maso. Kwathu kunali choncho, kwawo kwa amuna anga n'chimodzimodzi, mkamwini ndi apongozi amachitirana manyazi. Akakhala m'chipinda chimodzi, mawu onse amadzera mwa ine. Amayi amati, "Uwauze bambo a ana kuti mchere watha," bambo a anawo ali pomwepo, akumva bwinobwino, koma akudikira kuti ndibwereze. Ndiye tsiku limenelo ndinagonja kwa anthu awiri amene sayankhulana, koma anagwirizana popanda kundifunsa.

M'mawa mwake tinathamangitsa nkhuku, kusesa zitosi, ndipo amuna anga analimbana ndi injini mpaka inatsokomola n'kudzuka. Akazi a m'malaini, atamva kuti madziwo ndi a ndani, anabwera okha ndi ndowa zawo. Ambiri mwa iwo amayi aakulu sankawadziwa, koma anatsika nafe kukasupe, n'kukwera chitunda chija madzi ali pamutu, wina pambuyo pa mnzake. Amuna anga ankalandira ndowa iliyonse n'kuthira pakabowo ka m'mbali mwa kalavani. Thanki inkangomeza osakhuta. Womaliza atatula, tinaona abakha a oyandikana nawo akuthamangira pansi pa galimoto, ndipo titawerama tinawapeza akusambira.

Mng'aluwo unali pakona ya thanki, pamene lamba wachitsulo womangira anakhala akupekesa kwa zaka, wautali ngati chala changa. Amuna anga analowa pansipo chagada, miyendo yokha kutsala kunja, ndipo kwa masiku otsatirawo mwamuna wanga ndinkamudziwira miyendo imeneyi.

"Hazvina basa izi," mawu anatuluka pansipo, kutanthauza kuti imeneyi si nkhani. "Ndipatse sopo."

Iwo anagwirapo ntchito yoyendetsa lole yonyamula masamba a tiyi kupita kufakitale, ndipo madalaivala onse a m'mapiri muno amadziwa kuti thanki ya petulo ikabooka panjira, umapaka sopo pabowopo n'kufika kumene ukupita. Zimenezo n'zoona, ndinazionapo ndi maso anga. Anatenga mtanda wanga wa sopo wochapira, watsopano, n'kuupaka wonse pamng'alupo, kukanikiza ndi chala chachikulu, n'kutuluka akupukuta manja. Anandiuza kuti ndiwauze ambuya, ndiye kuti apongozi awo, kuti mawa tinyamuka. Tinathiramo madzi a pampopi wa m'malaini kuti tiyese. Tisanamalize kumwa tiyi, pansi pa kalavani panali thovu loyera likufufuma, ana akulitapa n'kumapakana kumaso.

Amayi anayang'ana thovulo, n'kunena kuti, "Uwafunse bambo a ana ngati kwawo sopo sasungunuka m'madzi."

Ndinawafunsa, mawu ake omwewo, osachotsapo kanthu.

Tinatsuka thanki mpaka madzi a pakampopi atasiya kukoma sopo. Kenako amuna anga anakwera njinga kupita ku Hauna, n'kubwera ndi guluu wa machubu awiri, uja umasakaniza n'kuuma gwa ngati mwala. Wogulitsa anawauza kuti amamata chilichonse, ngakhale injini. Anamata, tinadikira usiku wonse kuti aume, ndipo m'mawa amuna anga atakhudza ndi chikhadabo kuti aone kulimba kwake, guluu yense anagwera pachifuwa pawo ali wathunthu, pulasitiki ili mbee ngati sinakhudzidwepo. Chigamba cha chubu cha njinga chinachitanso chimodzimodzi. Pulasitiki ya thanki imeneyo inali yoterera ngati kandulo, sinkafuna chibale ndi chinthu chilichonse.

Nthawi yonseyi foni ya ku Chipinge inkalira. "Mwanyamuka?" Ine ndinkati tatsala pang'ono. Tsiku lina mwana wa amayi aakulu anati phala nalonso ayamba kukana, ndipo akamva galimoto iliyonse ikudutsa amafunsa ngati ndi ife. Nditadula foni, mtima unandikwera. Ndinapita pamiyendo ija n'kuiuza zonse zimene ndinasunga kuyambira tsiku la chingwe changa cha zovala. Ndinati munthu akufa kwinaku inu mukusewera ndi sopo, ndipo tikachedwa, nyumba yanu ya nkhukuyi ndiiyatsa moto ndi manja angawa. Ndinkalankhula mokalipa koma kwenikweni ndinali ndi mantha. Ndinkaopa kuti tidzafika ndi madzi aja n'kukawagwiritsa ntchito yosambitsa maliro.

Amuna anga anatuluka pansipo, nkhope ili fumbi lokhalokha. Anakwera kachitunda ka kuseri kwa malaini kumene netiweki imagwira, n'kukhala pamwala ndi foni yawo. Atabwera anati aona vidiyo ya bambo wina wa kunja amene ali ndi kalavani ngati yathu. Bamboyo akuti pulasitiki ya mtundu umenewu imakana guluu aliyense, imafuna kuisungunula n'kuiphatikiza ndi pulasitiki inzake ya mtundu womwewo. Ndipo njira yodziwira mtunduwo ndi kudula kachidutswa, kukayatsa, n'kununkhiza utsi wake. Ikanunkha ngati kandulo yozimitsidwa kumene, ndiye ndi yomweyo.

Kumata ndowa ndi mpeni wamoto tonse m'malaini timakudziwa. Koma ife timamata ndi chilichonse chimene chili pafupi, patapata wakutha, chogwirira cha mswachi, chivindikiro cha botolo, ndipo chikamatuka timamatanso, moyo n'kumapita. Zoti mapulasitiki nawo ali ndi mitundu yokanana, palibe anaziganizirapo.

Ndiye amuna anga anatenga mpeni ndi machesi n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankagwada, kuomba m'manja mwaulemu, n'kupempha mayi wa pakhomopo kuti adulepo kachidutswa kakang'ono pandowa yake. Akapatsidwa, ankakayatsa pomwepo, kutseka maso, kununkhiza, kupukusa mutu, n'kuthokoza. Pofika masana mbiri inali itamveka mpaka kufakitale kuti bambo a kalavani anapita kwa sing'anga, auzidwa kuti atolere tizidutswa ta ndowa za akazi a eni kuti bizinesi ya alendo iyende. Mayi wina anabisa ndowa zake zonse m'nyumba n'kukhoma chitseko. Wina anabwera kudzandinong'oneza kuti ndisamale, zimenezi zimathera pa ana. Ndinamuuza kuti mwamuna wanga akanakhala ndi mankhwala, bwenzi woyamba kuchira ndi thanki.

Ndowa za masiku ano zonse zinalephera mayeso. N'zouma, ukapinda zimathetheka, ndipo utsi wake ndi wina. Chimene chinanunkha kandulo ndi chigubu cha mafuta ophikira. Amayi anakwinya mphuno, koma amuna anga anandituma kuti ndiwauze ambuya kuti chigambacho chikhala kunja, sichikhudza madzi. Anamata, ndipo kwa nthawi yoyamba thanki inagwira madzi osadontha. Ndinatsala pang'ono kuwakhululukira za chingwe. Koma anati ayese kaye pamsewu wa kufakitale, uja wa maenje, ndipo pobwera tinawaona akadali patali, mzere wonyowa ukuwatsatira pafumbi. Pulasitiki ya chigubu inali yolimba kuposa ya thanki. Thanki ikamagwedera ndi kulemera kwa madzi, chigamba chinkakana kugwedera nayo, mpaka chinatukuka m'mbali.

Madzulo a tsiku limenelo foni inaliranso, ndipo mwana wa amayi aakulu anapempha kuti ayankhule ndi amayi. Sindinamve zimene ananena. Amayi anangoti, "Eya. Eya, mwanangu. Ndamva." Anandibwezera foni n'kulowa kuchipinda kwawo. Ndinamva bedi likukokedwa, sutikesi ikugwa, iwo akubuula ndi msana. Ndinafuna kulowa koma anati ndikhale komweko. Atatuluka ananyamula thumba lakale la feteleza, lomanga ndi luzi. M'thumbamo munali chitenje, ndipo m'chitenjemo munali ndowa yobiriwira.

Ndinayamba ndaiyang'ana, kenako n'kuyang'ana amayi. Ndowa imene inagwa palole pa Hauna, imene inabedwa ndi mkazi wa kapitawo, imene Mana analota, inali pakhonde pathu, yoyera bwino, yopanda ngakhale kamng'alu. Ine ndinasesa pansi pa bedi limenelo kuyambira ndili mwana, ndipo thumbalo ankandiuza kuti muli mbewu ya mapira.

"Amayi!"

"Tseka pakamwa, ntchentche zingalowe," anatero. "Uwauze bambo a ana ayese iyi."

Amuna anga nkhani ya ndowa ankaidziwa, chifukwa palibe amene anakwatira m'banja mwathu osaimva. Anatulutsa mutu pansi pa kalavani, n'kuona chimene chinali pakhonde, masaya n'kuyamba kufufuma. Mkamwini saseka apongozi. Anabwereranso pansipo msangamsanga, ndipo tinangoona miyendo ikunjenjemera, zidendene zikumenya pansi. Amayi anayang'ana kumapiri ngati sakuona kanthu.

Atapeza mpweya, anatuluka n'kudula kachidutswa pamlomo wa ndowa. Kanali kofewa, kopindika osathyoka. Atakayatsa kanadontha timadontho tamoto, ndipo fungo la kandulo linafika mpaka pamene ndinaima. Anakanikiza ndowa ndi chala, n'kukakanikizanso thanki, ndipo zonse ziwiri zinalowa mkati n'kubwerera mofanana.

M'mawa mwake ntchito inayamba, ndipo ulendo uno panalibe zothamanga. Anatulutsa madzi onse, kupala zotsalira za guluu ndi chigamba chija, n'kudikira kuti pamng'alupo paume. Anatenthetsa msomali n'kuboola kabowo kumapeto onse awiri a mng'alu kuti usapitirire kung'ambika, kenako anaukuza pang'ono ndi mpeni kuti pakhale kangalande kolandira pulasitiki yosungunuka. Magetsi kunalibe monga mwa masiku onse, ndiye ine ndinakhala pambaula ya makala ndikukupiza, zitsulo ziwiri zochotsera matayala zili pamoto, chimodzi chikazizira ndiwapatsa chinzake. Sefa yanga ya tiyi inapitanso. Anaidula waya wake kuti aumize m'kati mwa chigamba, akuti bambo wa mu vidiyo anatero kuti chilimbe. Sopo, sefa, chingwe, ndinasiya kudandaula.

Pofika podula mizere ya pulasitiki, anaika ndowa pakati pa mawondo n'kuloza mpeni pafupi ndi chogwirira. Apo m'pamene ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo m'banja mwanga.

"Mukwasha," anatero amayi, kuitana mkamwini wawo mwachindunji, osadzera mwa ine. "Mbali ya chogwirira musadule. Dulani kuseriko."

Amuna anga anauma. Mpeni unaima m'malere. Kenako anavomera motsitsa m'Chishona, maso ali pandowa, "Zvakanaka, ambuya." Anaitembenuza, n'kudula kuseri, kuyambira pamlomo kutsika mpaka chapakati. Nditayang'ana pafupi ndi chogwiriracho ndinaona kamtanda kakang'ono kowotcha ndi msomali, chizindikiro chimene agogo anga anaika kuti ndowa ya mwana wawo isasokonekere pakasupe.

Anagona chagada ndi chitsulo chamoto, kufewetsa kaye pulasitiki ya thanki mpaka itayamba kunyezimira, n'kumagonekapo mzere wobiriwira pang'onopang'ono, kuusita kuti ziwirizo zisakanikirane. Dontho limodzi linawagwera pamkono, ndipo mawu amene anatuluka pansipo sindinawabwereze kwa amayi. Waya wa sefa unalowa, mzere wina pamwamba pake, winanso m'mbali. Pamene lamba wachitsulo ankapekesa anaikapo chidutswa cha tayala. Chigamba chitazizira chinali chonyansa, chobiriwira pathanki yoyera, chotupa ngati chipsera, koma atachikanda ndi chikhadabo, kenako ndi mpeni, sichinasunthe. Anathira madzi, kuyenda msewu wa kufakitale kupita ndi kubwera, ndipo fumbi la pambuyo pawo linali louma. Abakha anabwera kudzayendera n'kubwerera.

Akazi a m'malaini anatsikanso kukasupe, kuphatikizapo uja anakhoma chitseko, ndipo tinanyamuka kusanatenthe. Amayi anagona pabedi la kalavani, ndowa yodukayo ataikumbatira pamimba. Ine ndinakhala pambali pawo. Pokwera zitunda zotulukira m'chigwa cha Honde, injini inkalira ngati ikupempha chifundo, ndipo pansi pathu ndinkamva madzi akukhavukira uku ndi uku. Amuna anga ankaima pafupipafupi, kutsika, kusuzumira pansi, n'kubwera akunena kuti, "Hapana kana donhwe," kutanthauza kuti palibe ngakhale dontho. Titayandikira Mutare, nkhuku yanga ya mawanga inatuluka m'kabati ya pansi pa kampopi, n'kutiyang'ana ngati ife ndiye talowa m'nyumba mwake.

Titadutsa tauni, dziko litayamba kuuma ndi kutentha, ndinawafunsa amayi chimene chinkandidya.

"Zaka zonsezi, amayi? Simunatungirepo n'kamodzi komwe. Munaibiranji?"

Anasisita ndowa ija pamimba pawo. Kenako anati, "Ndinaona lole yadzaza. Mphasa yake, mapoto ake, zonse zakwera. Ndinati ndikamupatsa iyi, kuno kutsala chiyani chake? Ndinkati abwera pa Khirisimasi kudzaifuna, ndimupatsa. Anabweradi. Nditaona kuti yamubweretsa, ndinaibisanso."

Ndinawakonzera pilo, n'kumayang'ana panja mpaka maso atauma.

Tinafika ku Chipinge dzuwa litapendeka, n'kupitirira mpaka kumalaini a esiteti, kumene nkhalango ya Chirinda imaonekera chapatali. Anthu anatuluka kudzaona nyumba yoyenda, koma ife tinalunjika m'nyumba. Amayi aakulu, amene kale mawu awo ankamveka kuchokera kukasupe mpaka kumalaini, anali atatsala pang'ono kwambiri pabedipo. Amayi anagwada, kuwagwira dzanja, n'kuti, "Mana, ndabwera." Iwo anati, "Wachedwa. Madzi anga ali kuti?"

Mwana wawo anatulutsa beseni, koma amayi anati ayi, atunga okha. Anapita ku kalavani ndi ndowa yobiriwira, kuitchera pakampopi, ndipo madzi a ku Honde anatuluka, oyera, opanda thovu. Madzi m'ndowamo ankangofika theka chifukwa cha podulidwa paja. Anainyamula okha ndi msana wawo womwewo, kukana kuti ndiwathandize, n'kuiika pampando pafupi ndi bedi.

Amayi aakulu anatambasula dzanja, ine n'kulitsogolera m'madzimo. Anaviika zala, kuziika pamilomo, n'kulawa.

"Ndi omwewo," anatero.

Dzanja lija potuluka linakhudza mlomo wa ndowa, n'kuima. Linayamba kuyenda pang'onopang'ono m'mphepete, kufika pachogwirira, kutsika pang'ono, ndipo chala chinapeza kamtanda kaja. Chinakazungulira, n'kukazunguliranso. Amayi anali chogwada, maso pansi, ngati mwana amene wagwidwa ndi shuga m'manja.

"Wakuba iwe," anatero amayi aakulu.

Anayamba kuseka. Kunali kuseka kopanda mphamvu, kosakanikirana ndi chifuwa, koma kunali kuseka kwawo kwenikweni, ndipo mwana wawo anati sanakumve chiyambire matenda. Amayi nawo ankaseka misozi ikutsika. Koma dzanja lija silinaleke ulendo wake. Linazungulira kuseri, n'kugwera pamene panadulidwa.

"Ichi n'chiyani? Waiphwanyanso?"

Ndinafotokoza za thanki, za sopo, za chigamba. Anamvetsera nkhope itakwinyika.

"Mana, ndabweza," anatero amayi. "Ndowa yanu ndi imeneyi."

"Yodukayi? Ine ndinasiya yathunthu. Iyi sindilandira." Anapuma kaye, kenako anafunafuna dzanja la amayi n'kuligwira. "Bwerera nayo. Udzabwerenso ndi madzi ena, tidzakambirane bwino mlandu umenewu."

Amayi anawafinya dzanja, n'kuti, "Chabwino, Mana."

Tinatuluka kuti awasambitse. Ndili pakhonde ndinkamva madzi akuthiridwa, ndi mawu awiri akukangana za amene anali waulesi pothyola tiyi. Amayi anatuluka kukatunganso, n'kutunganso, theka lokhalokha, mpaka Mana atakhutira. Kunjako amuna anga anali atagonanso pansi pa kalavani, ulendo uno ndi amuna a ku Chipinge, miyendo yambirimbiri itatulukira kunja, akuwaonetsa chigamba ndi kuwaphunzitsa kununkhiza pulasitiki. Za sopo sanatchule. Nkhuku ya mawanga tinaisiya komweko ngati mphatso, ndipo amayi aakulu anamwako msuzi wake.

Tinakhala nawo masiku angapo, akusamba madzi a ku Honde m'mawa uliwonse mpaka thanki inauma. Pobwerera amayi anakumbatiranso ndowa yawo njira yonse. Titafika anayamba kundituma kwa bambo a ana monga kale, kufunsa kuti ulendo wina ndi liti, ndipo amuna anga anali atayamba kale kufunafuna mafuta a galimoto. Foni inalira Lachinayi lina m'mawa, mvula isanayambe. Ulendo wachiwiri tinapitadi, wa kumaliro, koma thanki sitinadzaze.

Kalavani ili pomwe paja, pamalo anga oyanikira zovala, ndipo nkhuku zinabwereramo. Injini inafa chaka chatha, koma chigamba chobiriwira chikadali gwa, ndipo amuna anga amachionetsa kwa mlendo aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ndowa inabwerera pansi pa bedi, m'chitenje chake, m'thumba lake. Tsiku lina ndikusesa ndinaikoka, n'kuwauza amayi kuti poti ndi yoduka kale, bwanji ndidzalemo maluwa tiike pakhonde, m'malo moti izingodya malo.

Anandilanda thumbalo, n'kulikankhira kukhoma ndi phazi.

"Si yanga imeneyo," anatero. "Mwini wake sanalandire."